Tabwerera m'tchalitchi, nanga a mabenchi akumbuyo aja ali kuti?

MwanaWaChikanda
Abale ndi alongo, mwaswera bwanji. Pali nkhani yandikhala pakhosi chitulukireni m'tchalitchi dzulo. Alembi a mpingo analengeza kuti sesheni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, yamanga mfundo zitatu: mapemphero a 6 koloko m'mawa akutha mwezi uno, tonse tizikumana 9 koloko ngati kale, zoulutsa mapemphero pa Facebook zaima, ndipo pa Mgonero ukubwerawu tibwerera ku chikho chimodzi, timakapu tija tikasungidwe. Ena anaomba m'manja, ine ndinangoti kakasi. Akuti tibwerere mwakale, momwe zinalili mliri wa korona usanabwere. Mwakale mwake muti? Dzulo ndinachita kukhala kumbuyo dala n'kuwerenga: mbali ya amayi mabenchi anayi analibe munthu, mbali ya abambo osanena. Kale ukangochedwa pang'ono unkamvera ulaliki pazenera uli pakhonde. Ndiye m'malo mofunsana kuti anthu aja anapita kuti, tikuyamba n'kutseka timakomo tomwe otsalawa akulowera? Ndithandizeni, mwina ndikuona ndekha.

Alto_waKwaya
Simuli nokha achimwene. Zinazo tingakambirane, koma za chikho zokhazo ine ayi.

MzikaYaSadzi
Inu mumafuna mpaka liti? Kumsika tikupanikizana, mu minibasi ya ku Limbe tikupumirana m'khosi, pa ukwati tikuvina thukuta kamukamu. Kutchalitchi kokha ndiye korona akadalipo?

MkuluWaKuMatawale
Zikomo a MwanaWaChikanda pobweretsa nkhaniyi poyera, kusiyana n'kumang'ung'udza pansi pa mango tikaweruka. Ine pa sesheni ndinalipo, choncho ndifotokoze zomwe sizinanenedwe pa zolengeza.

Mapemphero a m'mawa sitinawayambe chifukwa chowakonda. Mu Marichi 2020 boma linaletsa kusonkhana anthu oposa 100, ife tinagawa mpingo pawiri. Mu Ogasiti chaka chomwecho kunabwera lamulo la anthu khumi okha, lomwe atsogoleri a mipingo analikana mpaka linafewetsedwa. Januwale 2021 anati 50 basi. Apo ndiye tinkapemphera kanayi pa Lamulungu limodzi, milaga, kapena kuti madera a mpingo, kusinthana maola, atumiki akupukuta mabenchi ndi madzi a kolorini gulu lina likatuluka. Abusa tili nawo amodzi, omwewo ali ndi nthambi ziwiri kunja kwa tauni zomwe zimawadikira. Olalikira a 6 koloko takhala tili akulu a mpingo atatu omwewomwewo, mmodzi ndine, ndipo ndisakunamizeni, tatopa. Kwaya m'mawa sibwera, Sande sukulu kulibe. Choopsa kwambiri n'choti anthu ayamba kunena kuti "ife ndi a 6, awo ndi a 9", ngati mipingo iwiri pa denga limodzi. Pali ana anabatizidwa chaka chatha omwe theka la mpingo silinawaonepo nkhope.

MayiWaTomato
Abambo tamva, ndipo ulemu wanu ulipo, koma mutimverenso. Asanayambe a 6 koloko ine ndinkapemphera kamodzi pa mwezi, mwezi wina osapondako n'komwe. A 9 koloko aja amatuluka 1 koloko: zolengeza ola lathunthu, makwaya asanu, kenako Pepa Sande. Ndikamafika pa Mpondabwino makasitomala anagula kale kwa anzanga. A m'mawa aja ndimalowa, ndimva Mawu, 8 koloko ndili pabenchi langa mtima uli m'malo. Kwa ine mliri unandibwezera kutchalitchi, ndipo tsopano mukundibwezanso kunja.

MzikaYaSadzi
Geni pa Sabata, amayi?

MayiWaTomato
Tomato sadziwa kuti lero n'Sabata achimwene, amangoola. Fizi ya mwana wanga mudzandilipirira ndinu?

WaYunifolomu
Amayi akunena zoona. Tisaiwale kuti Zomba ndi tauni ya mashifiti: asilikali a ku Cobbe, apolisi, a ndende, anamwino a ku Central, alonda a m'masitolo. Wotuluka usiku amadzera kutchalitchi asanakagone, wolowa masana amayamba wapemphera. Ngati vuto ndi olalikira, onjezerani anthu pa ndandanda. Achinyamata ophunzira bwino alipo, bwanji osawapatsako guwa la m'mawa?

MkuluWaKuMatawale
Mfundo imeneyo ndailemba. Ngakhale mukudziwa nokha kuti guwa sitingolipereka ngati mpando wa mu minibasi.

WakuJoni
Ine changa ndi Facebook. Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu chino. Lamulungu ndikamaonera ndimawaona amayi anga akulowa, duku lawo loyera, akukhala pamalo pawo pafupi ndi zenera lachitatu. Sindifunikanso kufunsa ngati adzuka bwino, ndimaona mayendedwe. Chakhumi ndimatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya. Ndiye ndalama yanga ilowe koma ine nditsekeredwe kunja?

WaKamera
Akulu a ku Joni, ine ndi amene ndimajambula, ndiye ndikuuzeni momwe zimakhalira. Kamera yomwe mukuinenayo ndi foni yanga, ndimaimangirira ndi lamba wa chubu pa mpando wosanjikiza pa tebulo. Bandulo ndimagula ndekha, kubwezeredwa kwake mpaka ndichite kukumbutsa katatu. Malo opangira magetsi a Kapichira atawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, magetsi a Lamulungu m'mawa anasanduka mwayi, ndiye zokuzira mawu zikazima inu kumeneko mumangoona abusa akuyendetsa milomo. Nthawi ya mliri oonera ankachuluka ndithu. Pano akumakhala asanu ndi awiri, asanu ndi atatu, ndipo awiri mwa iwo ndimawadziwa, amakhala ku Ndola konkuno, mtunda woyenda pansi. Komanso zaka ziwiri izi ine sindinapemphereko, ndimangoyang'ana batire.

Alto_waKwaya
Kkkkk a ku Ndola aja atuluke okha, tisawatchule.

Chanco_Chaka3
Njira yapakati ilipo. Kuulutsa kanema maola anayi n'komwe kumadya bandulo. Jambulani mawu a ulaliki okha, mphindi 30, n'kuwaponya pa WhatsApp masana. Agogo omwe sangathe kuyenda awamvera pa foni ya mdzukulu, a ku Joni awamvera akaweruka. Ine ndikhoza kusinthana ndi a WaKamera masabata ena.

WakuJoni
Mawu okha amayi anga sindiwaona. Komabe bola. Bandulo ya mwezi ndizitumiza ine, ndanena pagulu.

MsungiChuma
Poti mwatchula ndalama, ndilowepo. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba sizikutsekedwa, musamve zam'maluwa. Pempho langa n'limodzi: mukatumiza, lembani uthenga kuti ndinu ndani, mlaga uti, ndipo ndi chakhumi, chopereka kapena za chitukuko. Lolemba lililonse ndimakhala ndi ndalama zopanda eni, kenako munthu akubwera ndi khadi lake kudzakalipa kuti sitinamulembere. Chinanso, kutapa ndalama kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, ndipo ukuchoka m'thumba la mpingo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, simenti ya khoma la holo yakwera, koma chopereka chikadali pomwe chinali mliri usanabwere. Ndikamaona mabenchi opanda anthu aja inenso mutu umandiwawa, mwanjira yanga.

MayiWaTomato
Koma zopereka pa foni zili ndi manyazi ake. Mbale ikamadutsa iwe manja ali pamiyendo, oyandikana nawe amakuyang'ana cham'mbali. Ine ndimachita kuponyamo kenakake ngakhale ndatumiza kale.

MzikaYaSadzi
Ena amangokweza foni m'mwamba ngati atumiza, chonsecho mulibe ngakhale mayunitsi.

NamwinoWanu
Ndibwerere ku chikho, poti ndi komwe kukundikhudza. A MzikaYaSadzi, matendawa sanathe, angochepa mphamvu. Koma tiyeni tingoyerekeza kuti atha. Chifuwa chachikulu chatha? Chimfine? Kolera inayamba mu Marichi 2022 kwa aneba athu ku Machinga kuno, ndipo inafalikira m'maboma ena. Ndowa ya mpopi ija inali pakhomo la tchalitchi ndinaiona sabata yatha ili kuseri, ana a Sande sukulu akuiyesa ng'oma. Ibwerere pamalo pake ndi sopo, zimenezo sizifuna sesheni.

Ine Januwale 2021 sindidzamuiwala. Tsiku limodzi, pa 12, dziko linataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. State House ya kuno ku Zomba inasanduka chipatala. Tinkathamanga ndi masilinda a mpweya, munthu ukucheza naye m'mawa, madzulo bedi layalulidwa. Ndiye mukandiuza kuti ndimwere pomwe amwera anthu mazana awiri, ndimakhulupirira Mulungu inde, koma mkono wanga sungalandire. Timakapu tinagula kale, tilipo. Kutsuka ndidzathandiza nawo.

AgogoAChinamwali
Mwana wanga, ine ndayamba kudya Mgonero amako asanabadwe. Chikho chinkachoka kwa aphunzitsi kupita kwa wolima ganyu, kuchoka apo kupita kwa abwana a ku boma, onse milomo pamodzi. Pamenepo m'pomwe tinkadziwira kuti pamaso pa Ambuye palibe wamkulu. Timakapu timeneti ndimalandira, sindikana, koma ndimamva ngati akundipatsa mankhwala kuchipatala. Ndalemba kudzera mwa mdzukulu wanga.

NamwinoWanu
Agogo, mwandigwira mtima, sindinaganizepo motero. Nanga titati tonse tigwire timakapu tathu, tidikirane, n'kumwa nthawi imodzi abusa akanena? Umodzi uja ungaonekebe.

AgogoAChinamwali
Tikayese tione. Bola asadzaze theka, manja anjenjemera masiku ano.

Mlonda_wa_Ziyoni
Vuto linayamba pomwe mpingo unayamba kuopa boma kuposa Mulungu. Masiki, katemera, zonsezi ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Amene anabayitsa adzaona.

Chanco_Chaka3
Tinauzidwa kuti tikabayitsa sitimaliza zaka ziwiri, ena amati sitidzabereka. Mlamu wanga anabayitsa AstraZeneca kawiri, pano ali ndi mapasa.

WaYunifolomu
Ndipo woyamba kubayitsa anali a Chakwera, pa 11 Marichi 2021, konkuno ku Zomba. Munthu woti anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa makumi awiri. Za chilombo cha m'buku la Chivumbulutso iwo sanaziwerenge?

Mlonda_wa_Ziyoni
Nanga katemera yemwe anamuotcha ku Lilongwe uja anamuotcheranji ngati anali wabwino?

NamwinoWanu
Anatha masiku ali m'firiji chifukwa anthu ankathawa, atamva zangati zomwe mukulembazi. Anamuotcha poyera dala kuti anthu aone kuti wotha ntchito sabayidwa munthu.

KabazaWaPaDepoti
Ine chomwe ndimakumbukira ndi lokodauni ya masiku 21 ija, khoti likanapanda kuiletsa mu Epulo 2020 bwenzi titadya matayala.

Woyang'aniraGulu
Abale, za katemera tinakangana chaka chatha mpaka anthu atatu anatuluka pagulu. Tisabwerezenso. Funso linali la mapemphero ndi anthu omwe sanabwerere.

MzikaYaSadzi
Osabwererawo nkhani yawo ndi yachidule. Ahebri 10:25 ikuletsa kuleka kusonkhana. Anazolowera kugona Lamulungu, ena athawira ku mafeloshipu a m'makalasi. Munthu wosadya Mgonero chaka chathunthu popanda chifukwa, malamulo alipo, sesheni imuitane. Tisamanyengerere anthu ngati makanda.

MwanaWaAtumiki
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhe. Mmodzi mwa anthu a mabenchi akumbuyo aja ndi amayi anga.

Bambo anga anatumikira mumpingo muno zaka zoposa makumi awiri. Ambiri mukuwadziwa, ndi aja ankafika m'bandakucha kudzatsegula mazenera, makiyi ali pachingwe m'khosi. Maliro aliwonse a mumpingo ankagona kusiwa, kaya kukuzizira bwanji. Anadwala mu Januwale 2021, masiku asanu okha. Anamwalira m'mawa, madzulo ake tinali titaika kale. Thupi silinalowe m'nyumba, silinalowe m'tchalitchi. Anatsitsa m'manda ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ife titaimitsidwa patali. Panalibe kwaya, panalibe nyimbo ngakhale imodzi. Mkulu wa mpingo mmodzi anapemphera ali kumsewu, mawu osamveka chifukwa cha masiki. Chipepeso chinabwera pa foni.

Zonsezo sitikwiya nazo, inali nthawi yake, aliyense ankaopa. Chomwe chimawapweteka amayi n'chakuti malamulo atafewa, palibe anabwera. Milungu inadutsa, miyezi, chaka. Jekete la bambo lomwe ankavala potumikira likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, makiyi tinachita kukapereka tokha. Munthu woyamba wa mumpingo kugogoda pakhomo pathu anabwera ndi envelopu ya chitukuko cha holo. Amayi anailandira mwaulemu, n'kuiika pansi pa nsalu ya patebulo, ilipo mpaka lero. Panopa amapemphera ku feloshipu ya m'kalasi yomwe mukuinyozayo, chifukwa amayi a kumeneko ndi omwe ankabwera kudzawatungira madzi.

Ndiye a MzikaYaSadzi, sesheni iwaitane ndithu. Adzabwera. Koma mudzakonzeke kumva.

Alto_waKwaya
Mayo ine. Pepani achemwali. Bambo aja ndi amene ankatisungira benchi la kwaya.

MzikaYaSadzi
Pepani kwambiri. Sindimanena anthu ngati amayi anuwo. Ndalankhula mothamanga.

MwanaWaAtumiki
Ndamva achimwene. Kungoti mukamawerenga mabenchi simungadziwe kuti waulesi ndi uti, wosweka mtima ndi uti. Onse amaoneka malo opanda munthu.

MayiWaMvano
Mwana wanga, ndalemba n'kufufuta katatu. Ine ndinali m'gulu la amayi omwe tinayenera kubwera. Tsiku lija tinavala ndithu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, tinafika mpaka pa mphambano. Titaona galimoto ya achipatala ndi anthu ovala zoyera aja tinabwerera. Kenako manyazi anatigwira. Sabata yoyamba tinati tidikire masiku 14 athe. Atatha tinati tipita mawa. Mawa lija linakhala mwezi, ndipo pomwe pankapita nthawi m'pomwe mwendo unkalemera, poganiza kuti tikafika tikanena chiyani. Amayi ako ndimawaona kumsika, ndimakhotera ku mzere wa nsomba. Maliro n'kulirana, ife sitinawalire. Ndilibe chodzikanira.

MkuluWaKuMatawale
Mkulu wa mpingo anapemphera kumsewu uja ndine. Za envelopu sindimadziwa, koma sindinganene kuti si mlandu wanga, poti mlaga umenewo uli m'manja mwanga. Pa sesheni tinatha maola atatu pa nkhani ya nthawi ya mapemphero ndi chikho. Dzina la munthu ngakhale mmodzi yemwe sanabwerere silinatchulidwe. Ndikuvomera.

Ndikapempha abusa ndi alembi kuti mfundo zija ziyambe zaima kufikira titayenda m'milaga. Sindikulonjeza kuti avomera, ndine mmodzi mwa ambiri. Koma kaundula wa mlaga wanga ndili naye m'nyumba, kuyenda khomo ndi khomo sikufuna chilolezo cha munthu.

MkatolikaMnzanu
Ndine mlendo pagulu lino, ndinalowa chifukwa cha akazi anga, koma ndiponyepo liwu. Kwathu zomwezi zinatichitikira. Chomwe chinatithandiza ndi miphakati: anthu khumi ndi angapo pakhonde la munthu amadziwana, wina akasowa kawiri zimaoneka msanga. M'tchalitchi chachikulu munthu amatha kusowa chaka osadziwika. Tinachitanso Misa yokumbukira onse omwe anaikidwa mwachangu nthawi ija, mayina akuwerengedwa limodzilimodzi. Anthu analira ngati maliro ndi a tsiku lomwelo. Kaya kwanu chiphunzitso chimalola zotani, inu mukudziwa.

Mlonda_wa_Ziyoni
Ife sitipempherera akufa.

MayiWaMvano
Palibe wanena zopempherera akufa, abambo. Kutonthoza amoyo ndi kuyamika Mulungu chifukwa cha ntchito za omwe anatsogola, zimenezo timachita pa maliro aliwonse ndi povundukula chiliza. Awa sanaimbiridwe. Tiwaimbire, mabanja awo amve.

MsungiChuma
Pa buku la chipepeso ndili ndi mayina a onse omwe anatisiya kuyambira 2020, ndi milaga yawo. Ndiwapereka kwa akulu a mpingo, pagulu pano ayi. Ndipo ma envelopu a holo ndauza atumiki ayambe aima kupita m'makomo mwa anamfedwa.

Chanco_Chaka3
Muwerengerenso achinyamata. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 miyezi yambirimbiri ija, atsikana angapo a m'kalasi la chikhristu anatenga mimba. Ena anaikidwa pa chilango, ena anangodzichotsa okha asanaitanidwe. Anyamata ake tikuimba nawo kwaya bwinobwino. Amenewonso ndi a mabenchi akumbuyo.

Alto_waKwaya
Apo mwaponda pachilonda. Imeneyo ikufuna tsiku lakelake.

MwanaWaChikanda
Ine ndinayamba ndi kudandaula za 6 koloko, sindimadziwa kuti tifika kuno. Maganizo anga pa mapemphero a m'mawa sanasinthe, ndikufunabe akhalepo, ngakhale atakhala a ola limodzi, ndipo Lamulungu la Mgonero tonse tizikumana pamodzi kuti nkhawa ya a MkuluWaKuMatawale ija ithe. Koma ndayang'ana m'foni mwangamu, muli manambala asanu a anthu omwe ndinkakhala nawo benchi limodzi. Sindinaimbirepo ndi mmodzi yemwe.

MayiWaTomato
Ola limodzi likwana, bola zolengeza azimata pa bolodi.

MayiWaMvano
A MwanaWaAtumiki, mutifunsire kwa amayi ngati angatilandire Lachinayi tikatuluka ku Mvano. Akakana timva, sitikakamiza. Tibwere tonse kapena ochepa? Tivale yunifolomu kapena zitenje wamba?

MwanaWaAtumiki
Ndawawerengera zonse kuyambira pamwamba. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati Lachinayi ali ndi mapemphero kwawo kuja, mubwere Lachisanu cha m'ma 3 koloko. Akuti yunifolomu muvale, ndipo mutenge mabuku a nyimbo, lawo linanyowa ndi mvula ya Ana. Za kubwerera kumpingo musakayambitse, sanafike pamenepo.

Alto_waKwaya
A kwaya tibwere nawo? Tingapezeke asanu ndi mmodzi.

MwanaWaAtumiki
Bwerani, koma mipando tili nayo inayi yokha. Wina atenge mkeka.

KabazaWaPaDepoti
Agogo a ku Chinamwali ngati akufuna kupita nawo ndidzawatenga ine, osalipira. Angondiuza poima.